Zomwe tinakumana nazo pofuna kukwera helikopita ku Mauritius

Ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi m'chaka cha 2023 nditaphunzitsa jogalafe kwa nthawi yaitali m'sukulu za sekondale za kuno ku Zomba. Ndalama zopumira pa ntchito zitatuluka, ine ndi mayi akunyumba tinagwirizana kuti gawo lina tikonzere denga la nyumba yathu ku Matawale, lina tisunge, ndipo lotsalalo tikaonere dziko. Malo amene mtima wanga unkafuna anali amodzi okha, kumwera chakumadzulo kwa chilumba cha Mauritius, pafupi ndi phiri la Le Morne Brabant, pamene nyanja imaoneka ngati ikugwera m'phompho. Ambiri amati ndi mathithi a pansi pa nyanja, koma chimene chimatsika pamenepo si madzi. Ndi mchenga ndi matope zimene mafunde amakokolola pamalo osaya n'kuzitsetsereza kwakuya, ndipo kusiyana kwa mitundu ya madziwo ndi kumene kumanyenga maso. Munthu woima m'mbali mwa nyanja kapena wokwera boti saona kanthu. Ayenera kukhala m'mwamba, ndipo umu ndi mmene nkhani ya helikopita inalowera m'mapulani athu.

Chibwerereni kumeneko, anzanga amene tinkaphunzitsa limodzi komanso ena a kutchalitchi akhala akundifunsa za ulendowu, ena akuganiza za Mauritius yemweyo, ena za zilumba za Seychelles kapena za Bazaruto ku Mozambique. Ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze zonse mwandondomeko, chifukwa ulendo wa m'mwamba wosakwana ola limodziwo ndi umene unatidyera ndalama ndi mtendere kuposa china chilichonse.

Mu Okutobala 2023 ndinayamba kufufuza pa intaneti, ndipo ndinapeza masamba ambiri otsatsa maulendo a helikopita, onse okhala ndi zithunzi zofanana za madzi obiriwira ndi phompho lija. Mitengo inalembedwa mu ndalama ya euro, pa munthu mmodzi, ndipo inkakwera malinga ndi mphindi zimene mukhala m'mwamba. Ndinasankha tsamba limene linali lotsika mtengo kuposa onse, ndinatenga ulendo wa mphindi 15, ndipo ndinalipira theka la ndalamazo ngati dipoziti kudzera pa khadi la kubanki. Imelo inabwera nthawi yomweyo yothokoza kuti pempho lathu lalandiridwa. Panalembedwa tsiku, koma panalibe ola, panalibe malo onyamukira, ndiponso panalibe dzina la kampani imene idzatiulutse. Chimene ndinadzazindikira mochedwa n'chakuti makampani amene ali ndi mahelikopita enieni pachilumbapo ndi ochepa kwambiri, ndipo masamba ambiri a pa intaneti ndi a amkhalapakati ogulitsa mipando ya m'ndege za eni ake. Ena mwa iwo ndi okhulupirika, koma musanalipire tambala iliyonse afunseni molemba kuti helikopitayo ndi ya kampani iti, ngati kampaniyo ili ndi chilolezo cha nthambi ya boma yoona za maulendo a pandege m'dzikolo, nambala ya malo anu m'mabuku a kampaniyo, ndiponso amene adzakubwezereni ndalama ulendo ukalephereka. Akamazemba mafunso amenewa, pitani kwa eni helikopita mwachindunji.

M'munsi mwa imeloyo munali mawu ang'onoang'ono onena kuti ulendo wathu ndi wogawana mipando ndipo udzachitika pokhapokha okwera atakwanira. Mahelikopita oonetsa alendo malo ndi aang'ono, ambiri amanyamula anthu anayi kapena asanu okha, choncho mtengo wotsika uja umatheka ngati papezeka alendo ena ofuna njira yomweyo pa ola lomwelo. Amene akufuna kuuluka pa nthawi yawoyawo amalipira helikopita yonse, ndipo mtengo wake ndi wina.

Pa 9 Novembala 2023 tinamva kuti banki yaikulu ya Reserve yalengeza kuti kwacha yatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi, imene mabanki ankagulitsa pa K1,180, inafika pa K1,700. Madzulo a tsiku limenelo tinakhala pakhonde ndi pepala ndi pensulo kuwerengeranso zonse, theka lotsala la helikopita, malo ogona, chakudya ndi mayendedwe, ndipo zonse zinali zitakwera pamodzi pamene ndalama zathu zinali zomwe zija. Mayi akunyumba anandifunsa modekha kuti, "Bambo, kodi si bwino tingousiya ulendowu?" Nditawerenganso malamulo a mkhalapakati uja ndinapeza kuti tikausiya tokha dipoziti sibwezedwa, komanso matikiti a ndege tinali titagula kale. Tinapitiriza, koma mitima yathu inali italemera. Kupeza ndalama zakunja kubanki kunali ntchito ina. Tinapereka mapasipoti ndi matikiti, tinadikira masabata, ndipo zimene tinapatsidwa zinali zochepa poyerekeza ndi zimene tinapempha, moti mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndi amene anatithandiza kukwaniritsa. Mmalawi aliyense wokonza ulendo woterewu awerengere mtengo wake mu ndalama zakunja osati mu kwacha, ayambe msanga kupempha ndalamazo kubanki, ndipo asiye zina pambali zoti n'kudzagwa nazo pa tsoka.

Tinasankha kupita pakati pa Januwale chifukwa matikiti a ndege ndi malo ogona zinali zotsikirapo tchuthi cha Khirisimasi chitatha. Apa mtengo unandiphimba maso, pakuti ndinkadziwa bwino lomwe kuti anamondwe a m'chigawo chino cha nyanja ya Indian Ocean amabwera kuyambira Novembala mpaka Epulo. Namondwe wa Freddy, amene anatisiyira maliro m'chigawo chakumwera mu Malichi 2023, anadutsa chakumpoto kwa Mauritius mu Febuluwale wa chaka chomwecho asanafike ku Madagascar ndi ku Mozambique. Miyezi yozizira nayonso ili ndi vuto lake, chifukwa mu Juni, Julaye ndi Ogasiti kumaomba kwambiri mphepo yochokera kumwera chakum'mawa, nthawi yomweyo imene mwera umavuta panyanja yathu. Anthu a kumeneko amene tinacheza nawo anagwirizana kuti Seputembala, Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala ndi nthawi imene kumwamba kumakhala koyera kawirikawiri.

Ulendo wopita unayenda bwino. Tinanyamuka ku Zomba m'bandakucha kupita ku bwalo la ndege la Chileka, tinagona kwa mwana wathu ku Johannesburg, ndipo kuchokera kumeneko ndi maola pafupifupi anayi kukafika ku Mauritius, kumene nthawi ili patsogolo ndi maola awiri poyerekeza ndi kwathu kuno. Malo ogona tinapeza ku Grand Baie, kumpoto kwa chilumbacho, pamene bwalo la ndege la Sir Seewoosagur Ramgoolam lili ku Plaisance, kumwera chakum'mawa, mtunda woposa ola limodzi pagalimoto kudutsira ku Port Louis. Helikopita ndinaiika pa Lachiwiri pa 16 Januwale, ndege yobwerera kwathu ili mawa lake, poganiza kuti ndi bwino kutsiriza ndi chokoma. Pa zonse zimene ndinakonza, ichi ndi chimene ndikupempha wina aliyense asachite. Ulendo wa helikopita uikidwe m'mawa wa tsiku loyamba kapena lachiwiri mutangofika, kuti ukasunthidwa chifukwa cha nyengo mukhale ndi masiku ena osunthirako.

Titangofika ndinayamba kuimbira mkhalapakati uja kuti andiuze ola ndi malo onyamukira, koma foni inkangoitana osayankhidwa, ndipo maimelo ankayankhidwa ndi mawu amodzimodzi akuti atidziwitsa posachedwa. Kumapeto kwa sabata wailesi inayamba kulengeza za namondwe wa Belal. Ku Mauritius machenjezo a namondwe ali m'magawo anayi, kuyambira loyamba mpaka lachinayi, ndipo mayi amene tinkagona kwawo anatilongosolera kuti likafika lachitatu aliyense amayenera kukhala m'nyumba. Lolemba pa 15 Januwale mvula inagwa yoopsa, misewu ya ku Port Louis inasanduka mitsinje, magalimoto anakokoloka, ndipo bwalo la ndege linatsekedwa. Usiku umenewo sitinagone. Mphepo inkaliza malata, magetsi anazima, ndipo mayi akunyumba ankapemphera chamumtima atagwira dzanja langa, tonse tikukumbukira mmene Freddy anachitira kwathu. Za helikopita panalibe amene anazitchula.

Kutacha bata litayamba kubwerera, mavuto a ndalama anayamba kuonekera limodzi ndi limodzi. Kampani ya ndege inatiuza kuti chifukwa cha kuchuluka kwa anthu otsalira, malo athu obwerera asunthidwira kumapeto kwa sabata, kutanthauza kuti tinayenera kulipira malo ogona ndi chakudya cha masiku amene sitinawawerengere. Kenako inabwera imelo ya mkhalapakati yonena kuti ulendo wa helikopita walephereka chifukwa cha nyengo, ndipo m'malo mwa ndalama atipatsa kalata yotilola kudzakwera tsiku lina m'kati mwa miyezi 12. Kwa munthu wokhala pachilumbapo kapena wobwerako chaka ndi chaka kalata yotere ili ndi phindu, koma kwa mphunzitsi wopuma pa ntchito wa ku Zomba ndi pepala chabe. Ndinawayankha kuti tikadalipo ndipo tikhoza kuuluka sabata yomweyo, koma yankho silinabwere. Ndinakwiya kwambiri, komanso ndinamva manyazi pamaso pa mayi akunyumba, amene anasiya zambiri kuti ulendowu utheke.

Amene anatitsegulira njira ndi mayi eni nyumba aja. Ataona nkhope zathu pa chakudya cham'mawa anapempha imeloyo, anaiwerenga, ndipo anayamba kuimbira makampani a helikopita mmodzimmodzi m'chinenero chawo cha Kreol. Anapeza kampani imene mkhalapakati uja amatumizako anthu, koma mayina athu m'mabuku awo munalibe, chifukwa iye amatumiza mayina pokhapokha gulu likakwanira. Anatiuzanso chinthu china chimene chinandiziziritsa thupi. Kuchokera ku bwalo la ndege, kumene helikopitayo inkanyamukira, kukafika ku Le Morne ndi makilomita pafupifupi 40 molunjika, choncho ulendo wa mphindi 15 sukanatha kupita ndi kubwerako, ndipo tikanangozungulira magombe a kumwera chakum'mawa n'kutera. Chithunzi cha phompho chimene chinali patsamba lija sichinali lonjezo la njira imene ndinagula. Musamasankhe ulendo poyang'ana chithunzi kapena mphindi zokha. Funsani malo onyamukira, pemphani kuti akulembereni mayina a malo amene mudzadutse pamwamba pake, ndipo yang'anani pamapu ngati mtundawo ukugwirizana ndi nthawiyo.

Tinayenera kusankha pakati pa kubwerera kwathu osaona chimene tinapitira ndi kulipiranso kachiwiri, ulendo uno wa mphindi 45, umene mtengo wake wa anthu awiri unaposa malipiro a miyezi itatu amene ndinkalandira ndili pa ntchito. Ine ndinali nditataya mtima, koma mayi akunyumba anati, "Bambo, tafika kale kuno, ndipo kunoko sitidzabweranso. Tiyeni tikwere." Ndisanavomere ndinapempha malamulo a kampani ya helikopita ija molemba, ndipo analemba momveka kuti woyendetsa akaimitsa ulendo chifukwa cha nyengo, amasuntha tsiku kapena kubweza ndalama zonse. Khadi langa linakana kulipira chifukwa ndinali nditafika pa malire a ndalama zakunja amene banki inaika, choncho mwana wathu analipira ali ku Johannesburg ife n'kudzamubwezera pambuyo pake. Dziwani malire a khadi lanu musananyamuke, ndipo muidziwitse banki masiku amene mudzakhale kunja.

Anatipatsa malo Lachinayi m'mawa. Tinadzuka kusanache, tinalipira takisi ya mtunda wonse uja, koma titafika tinauzidwa kuti mitambo yatsika pa mapiri a kumwera chakumadzulo ndipo woyendetsa wati sauluka. Pamene tinaimapo dzuwa linali likuwala, ndipo ndinayamba kulankhula mokweza mawu. Woyendetsayo anatuluka yekha kudzatifotokozera, mwaulemu, kuti maulendo oterewa amayendetsedwa poona ndi maso pansi ndi patsogolo, ndipo phiri likabisika mumtambo palibe njira yabwino yodutsira pafupi nalo. Ndinamumvetsa msanga, chifukwa aliyense wa ku Zomba amadziwa mmene mumzinda mumawalira dzuwa pamene pa Emperor's View, pamwamba pa phiri la Zomba, pali nkhungu yoti sungaone mnzako ali patsogolo pako. Lero ndimaona kuti kukana kwake kuja ndi chifukwa chachikulu chimene ndingailozere munthu kampani imeneyo. Woyendetsa amene amavomera kuuluka chifukwa choti mlendo wakwiya ndi woyenera kumuthawa. Tili m'takisi yobwerera mayi akunyumba anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha," ndipo masana omwewo tinasamukira kunyumba ya alendo ku Mahébourg, tauni yoyandikana ndi bwalo la ndege, kuti tisalipirenso takisi yaitali pachabe. Ndi bwino kugona kufupi ndi malo onyamukira usiku wake, ndiponso kuimba foni musanatuluke m'nyumba.

Lachisanu m'mawa kunacha koyera. Anatifunsa mapasipoti, kenako aliyense anakwera pa sikelo atanyamula chikwama chake, pakuti m'helikopita malo okhala amagawidwa potengera kulemera kwa anthu kuti ndegeyo isapendekere mbali imodzi. Ngati akufunsani kulemera kwanu polembetsa, nenani zoona, chifukwa sikelo idzaulula ndipo mukhoza kutsitsidwa. Anatipatsa majekete oyandamitsa pamadzi, anatiphunzitsa kumanga ndi kumasula malamba, ndipo anatichenjeza kuti tisayandikire kumchira kumene kuli chopukusa chaching'ono, koma tiyende kumene wotiperekeza akutilozera. Chipewa changa ndinachisiya, ndipo mayi akunyumba anamanganso duku lawo mwamphamvu chifukwa cha mphepo ya zopukusa. Tinakwera ndi alendo ena awiri. Ine ndinagwera pawindo, mayi akunyumba anagwera mpando wapakati, chinthu chimene chinandipweteka mtima chifukwa ndalama tinalipira zofanana. Sindinadziwe kuti nkhani ya mpando wa pawindo imakambidwa polembetsa, ngakhale kuti mawu omaliza amakhala a woyendetsa.

Helikopita itanyamuka n'kuweramira kutsogolo, m'mimba munandiwira ndipo ndinagwira lamba ndi manja awiri, koma mantha anatha posakhalitsa. Pansi panali minda ya nzimbe yofika kutali, magombe a kumwera kumene mafunde amamenya matanthwe mwamphamvu, kenako nkhalango ndi zigwa zakuya za Black River Gorges ndi mathithi a Chamarel, amene anali odzaza ndi madzi ofiira a mvula ija. Woyendetsa ankatifotokozera kudzera m'mahedifoni. Titayandikira Le Morne Brabant, phiri la mamita 556 lotuluka m'nyanja, anatikumbutsa kuti pamwamba pake ndi m'mapanga ake munkabisala akapolo othawa ukapolo usanathetsedwe pachilumbapo mu 1835, ndipo n'chifukwa chake bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo osungidwa a dziko lonse mu 2008. Podziwa kuti ena mwa anthu amenewo anadutsira m'madoko a ku Mozambique kuchokera kumtunda kuno, ndinaliyang'ana phirilo ndi mtima wina.

Za mathithi a pansi pa nyanja ndinena zoona. Tinawaona, ndipo pamene woyendetsa anapendeketsa ndege n'kuzungulira, mbali iyi kenako mbali inayo kuti onse aone, mchenga unaonekadi ngati ukutsikira m'dzenje lakuya moti mayi akunyumba anafuula kuti, "Bambo, taonani!" Koma mitundu yake sinali yowala ngati ya pazithunzi, chifukwa madzi anali asanayere bwino pambuyo pa namondwe, ndipo zithunzi zotsatsa malonda zimajambulidwa pa tsiku labwino kwambiri n'kuzikongoletsanso. Pamalopo tinakhala mphindi zochepa chabe, zotsalazo zinali za panjira. Zithunzi zanga zambiri zinaonongeka chifukwa malaya anga oyera ankaoneka pagalasi la windo, choncho valani zakuda kapena zodera. Pobwerera mayi akunyumba anachita nseru chifukwa choyang'ana nthawi yaitali pafoni pojambula. Idyani chakudya chopepuka, yang'anani kutali osati pafoni, ndipo ngati mumavutika ndi nseru m'basi yokwera mapiri, kambiranani ndi a zachipatala za mankhwala ake musananyamuke kwanu.

Titabwerera ku Zomba ndinayamba kulondola dipoziti ija. Kampani ya inshuwalansi ya paulendo inatibwezerako gawo la ndalama za malo ogona a masiku owonjezera, koma za helikopita inakana, ponena kuti maulendo oona malo amene walipiriratu kwa munthu wina sanali m'pangano lathu. Mmenemo ndi mmene ndinaonanso ndime ina yonena kuti ngozi ya m'ndege zosakhala za maulendo okhazikika siinali yotetezedwa, kutanthauza kuti mphindi 45 zija tinauluka tilibe chitetezo chimene tinkaganiza kuti tili nacho. Funsani za ndime imeneyi musanasayine, ndipo ngati n'kotheka lipirani zowonjezera kuti helikopita ilowemo.

Mkhalapakati uja anapitiriza kukakamira kalata yake ya miyezi 12 mpaka pamene ndinakadandaula kubanki yanga kuti ndinalipira ntchito imene sinachitike. Kubankiko anafuna risiti, maimelo onse ndi umboni woti mayina athu sanafike kwa eni helikopita, ndipo chimene chinathandiza kwambiri ndi kalata yaifupi imene ndinapempha ku ofesi ya kampani ija tisanachoke pabwalo la ndege. Anandiuzanso kuti madandaulo otere ali ndi nthawi yake yoperekera, ndipo wochedwa samvedwa. Ndalamazo zinalowa mu akaunti yanga chakumapeto kwa Meyi 2024, atachotsapo zolipira za kubanki ndi gawo limene mkhalapakatiyo anati ndi la ntchito yake, ndipo zonse zinapita kwa mwana wathu ngati chiyambi cha kubweza ngongole yake, imene tinamaliza chakumapeto kwa chaka chimenecho.